Chitini cha Aphunzitsi a Nachisale

Khalani pansi, ana inu. Amina, leka kusolola ulusi wa mkekawo, ndaugula dzana lomweli. Zainabu, iwe khala pakhomo pomwepo ngati ukufuna, sindikukakamiza kuyandikira. Makutu ako ndimawadziwa, amamva bwino ngakhale nkhope itayang'ana kukhoma.

Lero ndi tsiku lachitatu usakundipatsa moni. Tiyi amene ndinakusungira dzulo anachita kumwa Amina, shuga ndi mandasi omwe. Chakupweteka ndikuchidziwa. Unakhala nambala wani pasukulu yonse, dzina lako latuluka kuti upite ku sekondale yogonera konko, koma basale yolipirira fizi ya aphunzitsi a Nachisale yapita kwa mnzako Esinati. Ndipo wamva kale kuti amene anakaniza kuti isabwere kwa iwe ndi agogo ako omwe. Amene anakuuzayo sananame. Ndine.

Mwambo wopereka basaleyo uli mawa kusukulu, ndipo iwe wauza amayi ako kuti supondako. Palibe kanthu. Koma imva kaye za chitini ichi, kenako ukwiye ukudziwa chimene ukukwiyira.

Nonsenu mwakula mukuchiona pamwamba pa kabati, ndikukuletsani kuchigwira. Ndi chitini cha palafini chabe, chadzimbiri, muli timiyala. Amina uyu ali wamng'ono anakwera pampando kuti achitsitse, ankayesa ndimabisamo maswiti. Anagwa, nalira tsiku lonse, osati chifukwa cha bondo koma chifukwa munalibe maswiti.

Ine ndili msinkhu wanu, kuno ku Liwaladzi kunalibe tala. Inu masiku ano mumangoima pamsewu, minibasi yaima, musanamalize n'kutafuna chimanga chootcha mwafika kuboma. Ife tinkadzuka kusanache, chinangwa chophika m'kansalu, n'kuyenda mpaka mapazi kuchita moto. Sukulu yathu inali yofolera ndi udzu. Oyamba kumene ankalemba pamchenga ndi chala, okulirapo pa sileti, ndipo sileti tinkafufuta ndi malovu. Usachite tsinya, Amina, anali malovu ako omwe. Makolo ambiri a Chisilamu sankafuna n'komwe kuti ana aakazi apiteko. Ankati kumeneko akatisintha mayina, akatidyetsa zosayenera. Kumadrasa kokha ndi kumene ankatitumiza ndi mtima wonse. Ine bambo anga anandilola chifukwa ankafuna munthu wowawerengera makalata a achimwene awo amene anali ku Joni.

Aphunzitsi a Nachisale anabwera pa lole ya matumba, kuchokera kumapiri a ku Ntchisi. Anali mayi wamfupi, wamasiye, mwana wawo mmodzi yekhayo anamusiya kwa amayi awo. Anatsika ndi sutikesi yamalata ndi ambulera yakuda. Mawu awo ndiye sankagwirizana ndi thupi lawo. Akaitana dzina lako ali kusukulu, unkamva uli kudooko. Nyanja ankaiopa zoopsa, madzi akangowafika mu akakolo ankabwerera. Kondowole anamuyesa tsiku loyamba, anawakanirira kumano, tinawaona akulimbana naye ndi chala kuseri kwa mpanda. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Anali Mkhristu, wapamtima ndi nyimbo za kutchalitchi, koma mwezi usanathe anali ataphunzira kupereka salamu kwa akuluakulu, Lachisanu ankatimasula msanga, ndipo m'mwezi wa Ramadani sitinawaonepo akutafuna kanthu pamaso pathu. Makolo athu ankaziona zimenezo, ngakhale sankanena.

Tsono vuto linali mbalame.

Inu mukaona mpunga m'mbale mumayesa unangodzibweretsa. Mpunga ukayamba mkaka, mvula ikamatha, mpheta zimabwera gulu lake ngati utsi. Zikatera pamunda popanda munthu, zimatsopa mkaka wonse, n'kusiya ngala zitaima bwinobwino koma m'kati mulibe kanthu. Ndiye nyengo imeneyo mtsikana aliyense ankachoka kusukulu. Anyamata ankathandiza kunyanja, ife tinkakwera pansanja pakati pa dambo, kukoka zingwe zomangirira zitini, kukuwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Masabata angapo, tsiku ndi tsiku. Pobwerera kusukulu tinkapeza anzathu apita kutali, ambiri n'kungosiyiratu. Palibe amene ankaona cholakwika, ndi mmene anakulira amayi athu.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade eyiti, madzi anachedwa kuphwera, tinawokera mochedwa, ndiye mbalame zinagwirizana ndi mayeso. Aphunzitsi analowa m'kalasi Lolemba lina n'kupeza benchi la atsikana lili mbee. Madzulo ake anatulukira kwathu ndi ambulera yawo ija. Bambo anga ankasoka ukonde pansi pa mango, ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, khutu lili tcheru ngati mmene wachitira Zainabu panopa.

"Bambo a Mariamu," anatero, "mwanayu ali ndi mutu. Mayeso atsala pang'ono. Ndibwezereni."

Bambo anga sanasiye kusoka. "Aphunzitsi, mutu umenewo udzadya chiyani mpheta zikamaliza mpunga? Mbalame sizidziwa kuti kuli mayeso."

Aphunzitsi anafunsa, "Kodi kumundako, ntchito yake yeniyeni ndi yotani?"

"Phokoso basi."

"Phokoso?" anatero aphunzitsi. "Limenelo ndili nalo lambiri. Ndimachita kuvutika nalo tsiku lililonse."

M'mawa mwake ndili pansanja, ndinaona mzere wa anthu ukubwera m'dambo. Kutsogolo ambulera yakuda, pambuyo kalasi yonse, awiri atasenza bolodi. Aphunzitsi nsapato zili m'manja, akuponda matope ngati akuponda mazira. Mkulu wa sukulu anali atakana poyamba, koma mayi aja akafuna chinthu ankakuyang'ana mpaka utope wekha. Anatimwaza m'mbali zonse za munda, atsikana a m'minda yoyandikana nawonso anasendera, aphunzitsi n'kukwera pansanja.

"Seveni taimusi eyiti."

Ife kuchokera kungodya zonse, ndi mphamvu zathu zonse, "Fifite sikisi."

Mpheta zimene zinali zitangotera zinabalalika ngati zaponyedwa mwala. Tinayimba matebulo onse a taimusi, tinatchula mitsinje ya mu Africa, tinatchula malembo a mawu a Chingerezi limodzi limodzi. Wolakwitsa ankabwereza yekha mokweza, ndipo mbalame zinkathawa chimodzimodzi, sizinkasankha yankho lolondola. Sabata isanathe, abambo a m'mudzi anayamba kulimbirana. "Aphunzitsi, mawa sukulu ibwere kwanga, kwa a Mariamu mwakhalitsako." Anachita kukonza ndandanda, lero munda uwu, mawa uwo. Bambo anga ankadzitama potuluka mumzikiti kuti mpunga wawo ukulonderedwa m'Chingerezi. Tsiku lina ndinawapeza akusoka ukonde akung'ung'udza naini taimusi naini. Atandiona anatsokomola.

Masiku amenewo anali okoma, ana inu. Sindinaphunzirepo bwino ngati m'matope muja.

Koma aphunzitsi anali munthu wakumapiri. Chimanga ankachidziwa, mpheta za m'dambo ankangoziona ngati timbalame tokongola. Tsiku lina, ili nthawi ya munda wathu, anabwera ndi mapepala. Anati tilembe mayeso oyeserera a masamu, ndendende ngati enieniwo, ola ndi theka popanda wotsegula pakamwa. Tonse tinayang'anana. Mwana aliyense wa m'dambo ankadziwa chimene ola ndi theka la chete limatanthauza. Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga mba..."

"Pamayeso salankhula, Mariamu. Dzanja pansi."

Masiku ano inu mumayankhana ndi aphunzitsi ngati anzanu. Ife dzanja likauzidwa pansi, linkapita pansi. Tinawerama pamapepala, iwonso anawerama pa wotchi yawo, kumbuyo atalozetsa kumabango.

Apa ndikuuzani chinthu chimene sindinauzepo ngakhale agogo anu aamuna. Mbalamezo ndinazimva. Zikamadya zambiri pamodzi pamamveka kaphokoso ngati mvula yowaza pa udzu. Ndinadzutsa mutu, ndinaziona zitakuta mbali yonse ya kumabango, kumene mpunga unachita bwino koposa. Ndikanakuwa. Koma ndinali pakati pa samu yogawa, yaitali, imene inkandivuta masiku onse, ndipo tsiku limenelo inkayenda. Ndinati ndimalize kaye iyi. Nditamaliza ndinaona kuti yotsatirayo ndi yosavuta. Ndinakhoza zonse tsiku limenelo, ndipo mpunga wa kumabango unatha.

Bambo anga sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anafika madzulo, anathyola ngala imodzi, anaifikisa m'manja, n'kutambasula chikhatho pamaso pa aphunzitsi. Mankhusu okhaokha. Anauzira, anauluka.

"Aphunzitsi, zikomo pa zonse. Sukulu yanu ibwerere kusukulu. Mariamu atsala kuno, alondere wotsalawu."

Aphunzitsi a Nachisale anayang'ana chikhatho chija. Anatsitsa bolodi pansanja, anatenga ana awo, anapita. Mayeso enieni anali atatsala masabata awiri.

Masabata amenewo ndinakhala pansanja ndekha, kukoka zingwe ndikulira. Ndinkawakwiyira bambo anga, ndinkawakwiyira aphunzitsi kuti sanabwerenso, koma woyamba kumukwiyira ndinali ine mwini. Ndiye iwe Zainabu usaganize kuti kukwiya unakuyamba ndiwe, unatengera kwa ine.

Mayeso atatsala tsiku limodzi, aphunzitsi anabweranso pansi pa mango paja.

"Bambo a Mariamu, ndinalakwa ine. Ndinkayesa ndikudziwa, pamene sindinkadziwa. Wolakwayo ndiye akhale pansanja. Mwanayu akalembe."

"Inu? Munthu waulemu wanu m'matope masiku anayi? Anthu andinena."

"Akuneneni. Ine andinena kale."

Bambo anga anaseka pang'ono, anati chabwino. Ndikudziwa kuti mumtima ankati sabwera, ndi zolankhula chabe.

Kutangocha, nkhungu idakali m'dambo, ndinaona ambulera ija. Anali atamanga chitenje m'chiuno, opanda nsapato, m'manja muli chitini ichi. Anachitenga kunyumba kwawo, anatolera timiyala m'njira. Anandipatsa pensulo yatsopano yosongoka kale, anati, "Tsika. Kasambe m'miyendo. Usathamange, ungafike mutu uli wefuwefu."

Oyang'anira mayeso ankachokera kusukulu zina, aphunzitsi athu sankaloledwa kuyandikira chipindacho, ndiye anzawo onse anakhala m'nyumba kupuma. Iwo anakhala pansanja ya bambo anga masiku anayi. Mwera ukawomba bwino, tinkamva chitinichi kutali tili m'chipinda cholembera. Matebulo sanayimbe, ankaopa kuti wina anganene kuti akutiuzira mayankho. Ankayimba nyimbo za kutchalitchi, m'munda wa Msilamu, ndi mawu awo aja onse. Wina anakawaneneza kwa bambo anga. Iwo anati, "Mbalame zikuthawa kapena sizikuthawa?" Nkhani inathera pomwepo.

Dzuwa linawapsereza, udzudzu unawadya, misundu inawakakamira m'miyendo potsika kukamasula zingwe. Amayi anga ankawachotsa ndi phulusa madzulo aliwonse, iwo atatseka maso kuti asaione. Tsiku lachitatu bambo anga anawatengera chambo chootcha, anachiika pansanja, anaima pambali kanthawi akuyang'ana mpunga, n'kubwerera. Kupepesa kwa bambo anga kunali kumeneko. Mayeso atatha aphunzitsi anagona sabata yathunthu ndi malungo. Malungo anatha, koma mawu aja sanabwererenso. Anatsala osasa moyo wawo wonse. Ndi chifukwa chake chitinichi chinasamukira patebulo pawo m'kalasi. Ana akasokosa, ankangochigwedeza kamodzi, kalasi n'kuti zii. Abambo ako amachidziwa bwino, Zainabu, chinkagwedezedwa kawirikawiri chifukwa cha iwo.

Mukuganiza kuti nkhaniyi itha bwino, eti? Amina wayamba kale kumwetulira.

Ndinakhoza. Dzina langa linatuluka, mtsikana ndekha pasukulu yathu, kuti ndipite ku sekondale yogonera konko, ngati iwe. Aphunzitsi anabweretsa okha kalatayo, akuthamanga, ambulera ataiwala. Ndinawawerengera bambo anga. Munalembedwa fizi, ndi zoti ndipite nazo: yunifolomu, bulangete, nsapato, chidebe, mbale ndi kapu. Bambo anga anaitenga kalatayo, anaitembenuza uku ndi uku ngakhale sankadziwa kuwerenga. Sanali munthu woipa. Mpunga umene tikanagulitsa ndi womwe uja wa kumabango, wotsalawo unali wakudya basi. Nsomba chaka chimenecho zinavuta. Aphunzitsi anayesa, anayenda wapansi mpaka kuboma kawiri kukagogoda m'maofesi, koma iwonso malipiro awo ankadikiridwa ndi mwana ndi amayi awo kumapiri. Amayi anga anagula chidebe. Ndi chokhacho chimene chinatheka. Tsiku lotsegulira linafika, linadutsa, chidebecho chinayamba kutungira madzi.

Chaka chotsatira ndinakwatiwa ndi agogo anu. Anali munthu wabwino, Mulungu awachitire chifundo, kungoti mkonono wawo unkathawitsa mbalame kuposa chitini. Sindidandaula za banja langa. Koma aphunzitsi ndinayamba kuwathawa. Ndikaona ambulera yakuda pamsika, ndinkazemba kuseri kwa matandala oyanikira usipa. Ndinkachita manyazi. Munthu anataya mawu ake chifukwa cha ine, ndipo ine ndinangothera kusenza chidebe. Ndinawathawa zaka zitatu m'mudzi umodzi, inu simungamvetse luso limene zimenezo zimafuna.

Anandigwira kusikelo, nditabereka Saidi, abambo ako, ali khanda. Pamzere panalibe kothawira. Anaima pambali panga, anasuzumira mwanayo, n'kunena ndi mawu awo osasa aja, "Mariamu, ukundibisalira chiyani?"

Misozi inangoti chuchuchu.

"Iwe unalemba, unakhoza. Mbali yako unamaliza. Amene anaperewera ndi ife akuluakulu." Anamugwira Saidi kaphazi. "Uyu akakwana zaka, ndimufuna. Ndi onse obwera pambuyo pake, aakazi makamaka."

Ana anga onse asanu ndi mmodzi anadutsa m'manja mwawo. Ndipo palibe mwana wanga amene anakwerapo nsanja nthawi ya sukulu. Ndinkakwera ndekha, wina kumsana, wina m'mimba. Anzanga ankandiseka, ankati ndikulera mabwana. Azakhali anu aja ali namwino ku Lilongwe, Saidi anamaliza Folomu folo, lero ali ndi boti la injini ndi golosale pamsewu. Iwe Zainabu unabadwa n'kupeza nyali ya sola patebulo, ndipo mpheta umaziona ngati timbalame tokongola, ngati munthu wakumapiri.

Aphunzitsi atapuma ntchito sanabwerere ku Ntchisi. Anati kumeneko kukuzizira, koma ife tinkadziwa kuti anazolowera kondowole. Ankamudya kuposa ife eni ake. Bwato lokha ndi limene sanakwerepo mpaka imfa. Ankaphunzitsa amayi kuwerenga pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yawo, ine ndinkawathandiza kulemba pa bolodi, chifukwa maso anali atayamba kuwavuta. Tinakhala ngati munthu ndi mng'ono wake, koma sindinathe kuwatchula dzina lina. Ndili ndi imvi, ndinkangoti aphunzitsi, ndipo akandiyang'ana mwakachetechete ndinkawongola msana.

Atadwala matenda omaliza ndinkawasambitsa ndine, mwana wawo ankabwera ndi kupita chifukwa cha ntchito. Tsiku lina masana ndikuwapesa tsitsi, anandifunsa, "Kalata ija udakali nayo?"

"Ili m'sutikesi, aphunzitsi."

"Ndinkadziwa. Zaka zonsezi ndaphunzitsa ana osawerengeka, koma ndikagona ndimaona kalata imeneyo. Mariamu, pasadzakhalenso mtsikana wosunga kalata yake m'sutikesi. Tenga chitinicho, ine ndasiya kuletsa phokoso."

Maliro awo simunawaone, munali ang'ono. A kutchalitchi ankayimba mbali iyi, manda anakumba anyamata a kumzikiti, ashehe anakhala pamzere wakutsogolo, ife amayi a mipango kumutu tinaphika. Anabwera anthu amene sitinawaone zaka zambiri, madalaivala, apolisi, anamwino, onse akuti ndinaphunzira kwa mayi amenewa. Titabwera kumanda ndinaimirira, ine amene sindinkalankhula pagulu, ndinanena zimene anandiuza. Basale inayambira pamenepo. A m'tauni amatumiza pafoni, ife a kuno timapereka mpunga tikakolola. Chaka chilichonse mtsikana mmodzi amalipiriridwa mpaka amalize, dzina lake limalembedwa pa thabwa la kusukulu, ndipo pamwambo amabwera ndi kamwala kochokera kumunda kwa amayi ake n'kukaponya m'chitinimu. Imvani mmene chikulirira. Chimalemera chaka ndi chaka.

Tsono Esinati. Iwe unkakhala naye benchi limodzi, Zainabu. Mvula itatha chaka chino, unaona kuti malo ake anakhala opanda munthu masabata angati? Unandiuza wekha kuti Esinati wayamba ulesi, akujomba. Abambo ake anamwalira chaka chatha, amayi ake amachapa zovala za anthu kuti apeze ndiwo, ang'ono ake ndi tiana. Kamunda kawo ka mpunga kali kumapeto kwa dambo, kumabango. Esinati anali pansanja, kope pamiyendo, chingwe m'manja. Ndi mmene anakonzekerera mayeso amene wakhala nambala fili.

Ndipo mukukumbuka masiku a mayeso, ndinkachoka kusanache, ndikuti ndikukazonda mnzanga wodwala? Ndinkabwera madzulo miyendo itatupa, Amina n'kumandifunsa kuti kodi wodwalayo amagona m'matope. Mulungu andikhululukire bodza limenelo. Ndinali pansanja ya amayi ake a Esinati. Kukwera kwake ndinachita kukankhidwa, kutsika kwake ndiye musafunse. Nyimbo za kutchalitchi sindizidziwa, ndiye ndinkayimba kaswida, nyimbo zathu za Chisilamu, m'munda wa Mkhristu, ndipo mpheta zinathawa chimodzimodzi. Duwa yako, pemphero lako la mayeso, ndinkakuchitira ndili pomwepo, m'mawa uliwonse, ndikutchula dzina lako. Sindinakuiwale ngakhale tsiku limodzi.

Komiti itakumana sabata yatha, ndinapeza anzanga anayi atagwirizana kale. Wapampando anati, "Mayi Mariamu, chaka chino ndi chanu. Mdzukulu wanu ndi nambala wani, palibe anganene kuti takondera. Mwavutikira basaleyi zaka zonsezi, lolani ilowe m'nyumba mwanu."

Ndinakopeka nazo, sindikubisira. Ndinaona dzina lako pa thabwa lija, ndinaona iwe utaima kutsogolo anthu akuwomba m'manja. Ndinalifuna dzina limenelo mwina kuposa iwe. Koma ndinafunsa, "Zainabu akapanda kulandira, sukulu ikatsegulidwa adzakhala kuti?"

"Kusukulu, nanga a Saidi angalephere?"

"Nanga Esinati?"

Mlembi anafufuta, analemba dzina lina. Ndinalira njira yonse pobwerera, chifukwa ndinaona mmene unavutikira, kukana kukasewera, kuwerenga mpaka maso kufiira. Unayenera. Palibe amene akunena kuti sunayenere.

Amina, tsegula sutikesi, pansi pa nsalu yoyera pali envulopu. Pang'onopang'ono, pepalalo lakalamba kuposa amayi ako. Kampatse mkulu wako. Werenga dzinalo, Zainabu. Ndi langa, la kwa bambo anga. Werenga ndi m'munsimo, bulangete, nsapato, chidebe. Yako inabwera Lachiwiri, abambo ako anaiwerenga ataimirira, madzulo omwewo anakuyeza phazi. Ya Esinati amayi ake anaitembenuza uku ndi uku. Ndinalipo, ndinaona manja awo.

Kamwala kako sikadzalowa m'chitinimu, mwana wa mwana wanga. Ndipo ine ndimati Alhamdulillah, Mulungu atamandike. Mayi uja anaima m'matope masiku anayi, ine ndinakwera nsanja zaka makumi awiri, kuti tsiku lina m'nyumba muno mudzabadwe mtsikana amene safunika chitini chimenechi. Mtsikanayo ndiwe. Basale ya aphunzitsi a Nachisale unalandira kalekale, usanabadwe, kungoti palibe anawomba m'manja.

Sindikupempha kuti usiye kukwiya lero. Ine ndinatenga zaka zitatu, iwe wangotha masiku atatu. Mawa ndinyamuka ndekha pang'onopang'ono, mawondowa akafuna ndikafika. Chitinichi chikundilemera masiku ano, koma ndipumira m'njira.

Amina, bweza kalatayo m'malo mwake. Bwanji, akukana kukupatsa? Musiye aigwire kaye.

Wati chiyani, Zainabu? Yankhula mokweza, makutu anga si ako. Naini koloko. Uyamba naini koloko, koma wonyamula chitini amafika msanga, amaima kutsogolo, ndipo ndi amene amachigwira pamene mnzake akuponya kamwala. Uchigwire ndi manja awiri, chogwirira chinathothoka.

Ayi, siya nsanzayo, usachipukute. Dzimbirilo lisiye, ndi kunsiko komwe. Matope ouma amenewo ndi a m'munda wa bambo anga, anabwera nawo aphunzitsi.